Chitsulo cha Kumsana cha Alamu Anga

Zikomo a wapampando. Ndingoima pompano, kutsogoloko sindinakuzolowere. Dzina langa ndine Fabiano, wa ku Malomo. Amene mumadutsa msewu wopita ku Nkhotakota mwina munaonapo shedi ya malata pafupi ndi chigayo, pamene pamakhala ngolo zogonekedwa chagada. Ndi panga pamenepo. Ndine wowotcherera zitsulo, ndipo ndine chidakwa chimene chatha zaka ziwiri osalawa. Ndaona nkhope zatsopano lero, ena maso akadali ofiira. Musachite manyazi. Inenso tsiku loyamba ndinabwera ndikununkha, ndinakhala pampando wa kukhomo uko kuti zikandivuta ndithawe bwino.

Ine mowa sunandigwetse m'ngalande ayi. Sindinagonepo pamsewu, sindinamenyepo mkazi, ndipo zimenezi ndinkanyada nazo kwambiri. Ndinkati zidakwa ndi aja okodzera m'thalauzi, ine ndine mmisiri womwako pang'ono. Unandigwetsa ndili chiimire pa tebulo langa la ntchito, koma wovulala sindinali ine.

Ntchito ndinaphunzira ku Madisi kwa mkulu wina dzina lawo a Zakeyu. Iwo ankadziwika ndi chitsulo choyera chija timachitcha sitenilesi, chopangira zigubu za mkaka ndi matebulo a kuchipatala. Anthu ambiri amaganiza kuti chitsulo chimenechi sichingachite dzimbiri ngakhale utachizunza bwanji. Si zoona. A Zakeyu ankati chili ndi kakhungu kake kosaoneka ndi maso, ndipo kakhunguko ndi kamene kamachiteteza. Ukatenga disiki ya galainda imene wadulira chitsulo chakuda cha ngolo n'kupalira choyera, tifumbi ta chakudacho timalowa m'kati, ndipo pakangofika madzi dzimbiri limayambira pomwepo. Choncho pashedi pawo zipangizo za chitsulo choyera zinali ndi bokosi lakelake, zogwirira zake zopakidwa penti yofiira. Tsiku lina ndinatenga burashi yofiira n'kupukutira khasu. Anandibweza kunyumba sabata yathunthu. Ndinkawaona ngati ovuta, koma nditatsegula shedi yanga ku Malomo ndinapanganso bokosi lofiira ngati lawo lomwelo.

Kutsetsereka kwanga kunayamba ndi ulemu. Nthawi ya fodya alimi akagulitsa amafuna ngolo, zitseko, mafelemu a mawindo. Kwathu kuja ukamaliza ngolo, mwini wake sangoimanga ku ng'ombe n'kumapita. Amati, "Amisiri, tiyeni tinyowetse kukhosi." Ukakana ndiye kuti wamunyoza. Ngolo imodzi botolo limodzi, ndipo ine ndinali wa changu, ngolo zinkatuluka motsatizana. Fodya atatha ngolo zinachepa koma kukhosi sikunadziwe kuti nyengo yatha. Ndinayamba kudzigulira ndekha. Kenako ndinayamba kumwa m'mawa kuti manja asiye kunjenjemera. Disiki yofiira itatha sindinapite kukagula ina. Burashi yofiira ndinaisiya kwa mayi wina wotcheza kachasu, anandipatsa mabotolo awiri. Bokosi lija ndinayamba kubisamo kachasu yemweyo, chifukwa mkazi wanga ankadziwa kuti m'menemo ndi moletsedwa kugwiramo.

Nthawi imeneyo ndi imene alamu anga anabwera. Mlongo wanga Agnesi anakwatiwa ku Nkhotakota kwa a Chirwa. Ntchito ya a Chirwa ndi yolowa pansi pa madzi atabereka botolo la mpweya, kukagwira tinsomba tamitundumitundu tija amatumiza kunja kukasunga m'magalasi. Botolo limenelo silimangidwa pathupi mwachindunji. Pamakhala chitsulo chophwatalala chimene chimagona pamsana, chokhala ndi mabowo aatali. M'mabowomo mumadutsa malamba, ena okoleka m'mapewa ndi m'chiuno, ena ogwira botolo. Chawo chakale chinali chitapindika. Anabwera ndi chidutswa cha sitenilesi chabwino ndithu, ndi chakale chija kuti ndionerepo.

Anati, "Alamu, pa zidutswa ziwiri zimene tapeza, china ndapereka kwa mmisiri wa ku Salima kuti apangire mnzanga. Koma changachi ndati ayi, ndili ndi mlamu wophunzira kwa akatswiri. Msana wanga ndikuusiya m'manja mwanu."

Ndinawayankha kuti, "Musade nkhawa alamu, izi ndi zathu." Ndinali nditamwa kale theka la botolo, nthawi isanakwane ngakhale ya tiyi.

Kudula ndinadula bwino, ndisaname, dzanja linali lisanaiwale. Koma pa chitsulo choyera kudula ndi chiyambi chabe, ntchito yeniyeni ndi kumaliza. Umayenera kupala m'mphepete monse, makamaka m'mabowo a malamba, mpaka pasalale. Umachotsa mtundu wabuluu umene moto umasiya. Kenako umachinyika m'madzi ofunda osakaniza ndi asidi wa mandimu, ufa woyera uja amayi opanga majuwisi amagula, kuti adye tifumbi tonse tachilendo. Ukachitsuka n'kuchiumitsa, kakhungu kaja kamabwerera kokha. Zonsezi ndinkazidziwa ngati dzina langa. Koma tsiku limenelo panali mlimi amene ankadikira ngolo yake, botolo likuonekera m'thumba la jekete. Ndinatenga galainda mmene inalili, disiki yake yomwe ndinali nditangodulira ekiselo, chitsulo chogwira matayala a ngolo, ndinapala chitsulo cha alamu mwachangu. M'mabowo sindinalowetsemo tupa n'komwe. Ndinachipaka timafuta, chinawala ngati sipuni yatsopano.

Alamu atabwera kudzatenga anachitembenuza uku ndi uku, anasangalala. Anafunsa, "Mankhwala aja munanena munachinyikamo?"

Ndinati, "Tsiku lonse, alamu."

Bodza limenelo linatuluka mosavuta, ndipo madzulo ake ndinali nditaliiwala kale.

Panapita miyezi inayi. Linali tsiku la msika, m'mawa dzuwa litangoyamba kutentha malata. Ndinaona Agnesi akutsika minibasi atanyamula kanthu kokulunga m'chitenje. Sanapite kunyumba kukapereka moni kwa mkazi wanga monga amachitira nthawi zonse. Analunjika kushedi. Ndinabisa kapu kuseri kwa matayala n'kuyamba kumwetulira.

"Achemwali, mwatidzidzimutsa bwanji? Kunyanja kuli bwanji?"

Sanayankhe moni wanga. Anamasula chitenje n'kuika chitsulo chija patebulo. Chinali ndi mizere yofiira ya dzimbiri paliponse, ndipo m'bowo limodzi munali kachidutswa ka lamba kothothoka ulusi.

Anati, "Achimwene, alamu anu atuluka m'chipatala dzana. Lamba anaduka ali pansi pa madzi. Botolo linapendekeka, paipi ya mpweya inasololoka kukamwa. Anabwerera pamwamba pa madzi mothamanga, chinthu chimene pa ntchito yawo amaletsa kwambiri. Anzawo anawakokera m'boti magazi akutuluka m'khutu. Khutu lakumanzere lafa. Akaimirira dziko limawazungulira. Adokotala anena kuti kozama asadzapitekonso."

Mukudziwa zimene ndinayankha? Sindinafunse kuti ali bwanji tsopano. Sindinati pepani. Ndinati, "Chitsulochi anawanamiza, si sitenilesi yeniyeni. Masiku ano zachinyengo zachuluka."

Agnesi anandiyang'ana m'maso. Kenako anati, "Chinzake chija cha ku Salima chinadulidwa pa chitsulo chimodzimodzi. Chikulowa m'madzi tsiku lililonse, chilibe ngakhale kadontho."

Anagwira dzanja langa. Ndinaganiza kuti akufuna kulira, koma anatenga chala changa n'kuchilowetsa m'bowo la lamba, n'kuchikoka. Ndinamva kuwawa, magazi anatuluka.

"Chala chanu chadutsamo kamodzi kokha," anatero. "Lamba wadutsamo miyezi inayi. Sindinabwere kudzakangana nanu, achimwene. Ndabwera kudzakuuzani kuti kwathu musadzapondeko. Ana anga asaone munthu amene anatsala pang'ono kuwasandutsa amasiye chifukwa cha kachasu. Ndikumva fungo lake pano ndili."

Anapinda chitenje chake n'kukakwera minibasi yobwerera. Sanamwe ngakhale madzi. Ameneyu ndi mlongo wanga yekhayo, tinabadwa awiri basi, ndipo mayi athu atamwalira ndine ndinamulera.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinasiya tsiku lomwelo. Umboni ukanakoma. Koma ndinamwa masiku atatu otsatizana kuposa mmene ndinamwerapo chibadwire. Aliyense wofika pashedi ndinkamuuza za zitsulo zachinyengo, ndipo ena ankandivomereza, poti ndinali kuwagawira. Chitsulo chija ndinachiponya pansi pa tebulo.

Tsiku lachinayi m'mawa magetsi anazima. Panalibe chochita, kachasu anali atatha. Ndinatulutsa chitsulo chija kuti ndione ngati ndingadulepo tizidutswa topangira zina. Ndinachiika padzuwa. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, abale anga. Dzimbiri lija silinali lomwazikana chisawawa ayi. Linali m'mizere yokhota, yotsatana bwinobwino, monga mmene munthu amasiyira mizere akamasesa pabwalo. Unali mzere uliwonse umene galainda yanga inadutsa. Pamene disiki sinakhudze panali poyera mbee. Ndipo ine ndine wamanzere. Mizere ya wamanzere imakhotera kwina, mmisiri aliyense amadziwa zimenezi. Ndinaika dzanja langa pamwamba pake n'kuliyendetsa ngati ndagwira galainda, ndipo linatsata mzere uliwonse osaphonya. Ndinaona pamene ndinayambira. Ndinaona pamene ndinafulumira, mizere yatalikirana. Ndinaona pamene ndinaleka kuti ndikalandire botolo la mlimi uja.

Agnesi ndikanatha kutsutsana naye. Mkazi wanga ndinkamutsutsa tsiku lililonse. Koma apa panalibe wotsutsana naye. Ndinakhala pa tayala la ngolo chitsulo chili pamiyendo, ndinalira ngati pamaliro, anthu opita kuchigayo akundiona. Chimene chinandiwawa kwambiri si kuti ndinalakwitsa. Mmisiri aliyense amalakwitsa. Ine ndinkadziwa njira yoyenera, ndinaisiya dala, ndipo munthu atandifunsa m'maso ndinati tsiku lonse, alamu.

Tsopano ndinene zimene ndinachita, poti kulira kokha sikuchotsa ludzu.

Ndinayamba ndi mkazi wanga. Ndinamutengera kushedi n'kumutsegulira bokosi lofiira kuti aone mabotolo. Sanadabwe. Anati, "Bambo a Tadala, ndinadziwa kale. Ndinkangodikira kuti mutsegule nokha." Iye ndi amene anandiperekeza kuchipatala, ndipo apa ndikupempheni, amene mukunjenjemera m'mawa musalimbane nazo nokha kunyumba. Ine kuchipatalako anandipatsa mankhwala ndi malangizo, komabe sabata yoyamba ndinkatuluka thukuta ngati wolima dzuwa lili paliwombo, chakudya osalowa. Zimatha. Sizitha msanga, koma zimatha.

Vuto lina linali alimi. Ndikamaliza ngolo, botolo linali kubwera monga mwa masiku onse. Kukana chabe kunali kovuta, munthu amakhumudwa. Ndiye ndinapeza mawu. Ndinkati, "Akulu, kukhosi kwanga kunatsekedwa. Ngati mwasangalala, mundibweretsere mtedza." Ena ankaseka, ena ankati Fabiano walowa mpingo watsopano. Lero pakhomo panga mtedza sutha, mkazi wanga mpaka amakazinga wogulitsa.

Kenako ndinakwera njinga kupita ku Madisi kwa a Zakeyu, chitsulo chija ndili nacho. Akalamba tsopano, maso sakuona bwino. Anachisisita ndi zala, anafika m'bowo lija, anachotsa chala msanga.

"Iwe Fabiano, ntchito iyi ndi yako?"

"Ndi yanga, bambo."

"Munthu wake ali moyo?"

"Ali moyo, koma khutu lafa."

Anaika chitsulo chija pansi. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo mwina ndinkakufuna. Koma anangoti, "Ndiye wadzatani kuno? Zoyenera kuchita ukuzidziwa. Chimene ulibe ndi burashi." Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi burashi yawo yakale, penti yofiira itasuluka. Anandiuzanso za gulu lino, kuti limakumana Loweruka, ndipo anati ndikapanda kubwera adzamva.

Nditabwerera ndinagawa shedi pawiri. Mbali ya ngolo kwake, mbali ya chitsulo choyera kwake, pakati ndinaika lata kuti fumbi lisawoloke. Ndinayamba ndi zinthu zing'onozing'ono, zigubu za mkaka, masinki. Bowo lililonse ndimalipala ndi tupa, kenako sandipepa, kenako ndimadutsamo kansalu kopyapyala n'kumakoka uku ndi uku. Kakangokodwa ulusi umodzi, ndimayambiranso. Chitsulo ndikachichotsa mu asidi ndi kuchiumitsa, ndimachikulunga m'nsalu yonyowa masiku atatu. Pakaoneka kadontho kofiira, sichituluka pashedi. Masiku atatu amenewo anandithandiza kuposa mmene mungaganizire, chifukwa chidakwa chimafuna zonse zithe lero.

Ndinagwanso kamodzi, ndisakubiseni. Unali ukwati ku Kasakula, patapita miyezi isanu. Ndinati kapu imodzi yokha ya ulemu. Ndinadzuka mawa lake m'khonde la eni ake nsapato imodzi palibe. Loweruka lotsatira ndinabwera muno n'kunena, ndipo palibe anandithamangitsa. Kuwerenga ndinayambiranso pa tsiku loyamba.

Kwa alamu ndinalemba kalata. Sindinalembe zambiri. Ndinati chitsulo chinalibe vuto, vuto ndinali ine, ndinagwiritsa disiki ya ngolo, m'mabowo sindinapale, mu asidi sindinanyike, ndipo ndinakunamizani. Yankho silinabwere. Khirisimasi inadutsa, Pasaka inadutsa. Mwana wa Agnesi analandira Ukaristia woyamba, ndinamva kwa anthu. Zinkandipweteka, ndipo masiku ena ndinkakwiya, ndinkati kodi munthu asinthe bwanji kuti amuone? Koma bambo wina muno anandiuza kuti, iwe unasiya mowa kuti akukhululukire, kapena kuti usavulazenso wina? 

Mwezi wathawu, ndikuwotcherera chitseko, ndinaona mthunzi pakhomo la shedi. Nditakweza chigoba cha kumaso, anali a Chirwa. Awonda, ndipo akamamvetsera amatembenuza mutu kuti khutu lamoyo likhale kwa iwe. Ndinawaikira mpando. Iwo sanakhale pansi. Anazungulira shedi yonse, anaona lata logawa, anatsegula bokosi n'kununkhiza m'kati. Kenako anatulutsa chidutswa cha sitenilesi m'thumba.

Anati, "Ine kozama ndinasiya, tsopano ndimakhala m'boti kuyang'anira anzanga. Mmodzi chitsulo chake cha kumsana chatha. Ndikanapita ku Salima, ndipo mlongo wanu wandiuza kuti ndipite ku Salima. Koma kalata yanu ndinaiwerenga. Mupange. Mukamaliza musatumize, mubwere nacho nokha."

Ndinachipanga masiku asanu ndi limodzi, ntchito imene kale ndinkaitha masana amodzi. Ndinakwera minibasi m'mamawa, chitsulo chili pachifuwa. Nditafika sananditengere kunyumba. Tinapita molunjika kumene amasunga boti. Agnesi anali ataima chapatali pansi pa mtengo, manja atapinda, sanandiyandikire. Alamu analowetsa malamba m'mabowo, anamanga botolo, anakoka mwamphamvu. Ndinaganiza kuti zatha. Kenako ananyamula zonsezo n'kubwera kumbuyo kwanga.

"Tambasulani manja, alamu."

"Bwanji?"

"Munthu wanga asanavale, muvala inu. Tilowa limodzi."

Abale anga, ine ndine mwana wa kumapiri a Ntchisi. Madzi amene ndimawadziwa ndi a m'ndowa. Kusambira sinditha ngakhale pang'ono. Ndinati, "Alamu, ndimira."

Anati, "Pamene tikupita ndi posaya, mukaimirira mutu utuluka. Koma mugwada pansi, ndipo mupuma mpweya wa m'botolo limene lagwiridwa ndi ntchito yanu. Ndikufuna mudziwe mmene zimamvekera."

Anandionetsa kapumidwe kake, anandiveka galasi kumaso, tinayenda mpaka madzi anafika pachifuwa.  Ndinagwada. Madzi anatseka pamwamba pa mutu wanga, phokoso lonse la dziko linazima, ndinangotsala ndi kupuma kwanga ndi kulemera kwa botolo kumsana. Ndinamva malamba akukoka m'mabowo aja, ndipo ndinayamba kuwawerenga limodzilimodzi, kukumbukira ngati lililonse ndinalipala mokwanira. Mantha amene ndinamva kwa mphindi zochepa zimenezo, pamadzi ofika pachifuwa, iwo anawamva ali pansi pakuya ngati mtengo wa bulugamu, mpweya utachoka kukamwa. Ndinafuna kudzuka. Koma kutsogolo kwanga kunali alamu, nawonso atagwada, dzanja lawo litagwira lamba wa paphewa panga. Munthu amene ndinamugonthetsa khutu ndi amene ankandigwira kuti ndisachite mantha.

Titatuluka ndinatsokomola, ndinalira, madzi anandithandiza kubisa. Alamu anamasula chitsulo, anayang'ana malamba, anangoti, "Chili bwino." Tinayenda kupita kumtunda. Agnesi anali pomwe paja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, thalauzi likudontha, ndikunjenjemera ngati nkhuku yonyowa. Sanamwetulire, ndipo za kukhululuka sananene, mpaka lero sananene.

Anati, "Achimwene, simungakwere minibasi muli chonchi. Tiyeni kunyumba mukasinthe, ana akuoneni."

Ndathera pamenepa, a wapampando.